Wotchi Yopepuka

Wotchi imene ndimavala kumkono wamanzereyi sindinaigule pamsika wa pa Thambani monga ndakhala ndikuuzira anthu. Amuna anga amangodziwa zoti ndinaitola pa thebulo la venda wogulitsa mabatire ndi zipeso, pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa sopo. Amayi anga amadziwanso zomwezo. Zoona zake n'zakuti inadya pafupifupi ndalama zonse za manachesi anga a chaka chimenecho, ndalama zoti ndikanagula mbuzi yaikazi n'kutsalako zina. Pakhomo pano sindinauzepo munthu, ndipo tsiku limene amuna anga adzadziwe, sindikudziwa kuti azidzandiona bwanji. Ndayambira kuuza inu chifukwa simundidziwa.

Mwana wanga wamkazi, woyamba komanso yekhayo, ali ndi chifuwa chosachedwa kugwidwa. Kukangozizira, kapena anthu akamaotcha makala kuphiri mphepo n'kutsitsira utsi kumudzi, amayamba kutsokomola. Asanayambe n'kukwawa komwe anadwala chibayo. Ndinachedwa naye chifukwa ndinkayesa chimfine wamba, ndipo mapeto ake tinagonekedwa kuchipatala kuboma. Tsiku lotuluka, anesi ena anamuvundukula pamimba, anagwira kawotchi kolendewera pachifuwa pa yunifolomu yawo, n'kukhala chete mphindi yathunthu, maso akupita pa wotchi, kubwera pa nthiti za mwana. Atamaliza anati, "Amayi, musamadikire kuti thupi litenthe. Muziwerenga mpweya wake kwa mphindi imodzi, iye ali phee. Ukapitirira apa, nyamukani." Ananditchulira nambala yake. Ine ndinapitako ku koleji, ndili ndi satifiketi ya za chitukuko cha m'midzi imene ikugona m'sutikesi pansi pa zitenje, ndiye manambala sandiopsa. Chimene chinkandisowa ndi mphindiyo.

Mwina muti, nanga foni? Foni ndili nayo. Koma kwathu magetsi sanafike, kutchaja ndi pa Thambani, ndipo batire la foni yangayo linatupa kalekale, limatha moto ngakhale ili chigonere pawindo. Amuna anga amayendetsa pikapu ya eni ake yonyamula anthu pakati pa Thambani ndi kuboma, amachoka m'mawa ndi foni yawo m'thumba. Ndipo ngakhale tsiku limene yangayo ili ndi moto, pali vuto lina limene ndi langa, osati la foni. Ndikaitsegula kuti ndione nthawi, chala chimapita chokha kukafunsa za matenda. Ndimayamba ndi za kupuma kwa ana, n'kudzazindikira ndikuwerenga za makanda obadwa ndi mtima wobowoka m'mayiko amene sindidzapondako, mwana wanga atadzuka kale akulira, kuwerenga kuja kutasokonekera.

Choncho ndinayamba ndi mawotchi a pamsika. Yoyamba inali ya pulasitiki, ya manambala ophethira. Inalowa madzi ndikuchapa matewera, galasi linachita nkhungu, manambala n'kutsala zidutswa. Yachiwiri inali yachitsulo, yonyezimira ngati golide, yolemera bwino, moti amuna anga ataiona anati tsopano ndagula chinthu. Imeneyo inanditulutsa tizilonda toyabwa kuzungulira mkono wonse, khungu linada ngati ndapsa ndi chingwe chamoto. Ndinapirira nayo mpaka tsiku lina kamuvi ka masekondi kanathothoka n'kumangogubuduzika m'kati mwa galasi. Nthawi inkanenabe bwinobwino, koma kwa ine inali itafa.

Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji amakhala kuboma. Iye ntchito anaipeza, mu ofesi ina yothandiza madalaivala a mathiraki ndi mapepala a katundu pachipata cha malire. Chapambali amaodetsa tinthu kwa madalaivala ochokera ku Joni: nsapato, mafuta onunkhira, zikwama. Ndinamudutsira tsiku lina nditabwera ndi mwana kudzaonedwanso kuchipatala. Tikumwa tiyi, anandigwira mkono n'kuutembenuza.

"Iwe, wayamba kutemera mphini?"

"Ndi wotchi."

"Wotchi yoluma? Unaigula kwa msodzi wa nkhanu?"

Ndinamufotokozera zonse, za anesi aja ndi za mphindi. Anamvetsera uku akusewera ndi phazi la mwana, kenako anakoka dirowa n'kutulutsa kabokosi. Anati bambo wina wa zankhalango anaitanitsa wotchi, koma anasamutsidwira kumpoto isanafike, ndipo foni anasiya kuyankha.

"Yakhala muno miyezi. Azibambo akabwera amainyamula, amaigwedeza, amaibweza."

Sinali yokongola. Inali yotuwa ngati phulusa, yosanyezimira paliponse, nkhope yakuda, manambala oyera akuluakulu ngati olembedwa pa bolodi la sitandade wani. Lamba wake anali wa nsalu yolimba yobiriwira, yonga ya tenti. Kamuvi ka masekondi kanali ndi nsonga yofiira. Ndinaiika pachikhatho, ndipo zinali ngati ndanyamula chitsekerero cha botolo.

"Feki iyi," ndinatero.

"Ndiye zimene amanena onse. Ndimayesa iwe unapita kusukulu." Anandilanda n'kuigogoda pa thebulo. "Chitsulo ichi amati taitaniyamu. Amapangira ndege, ndiponso ndi chimene madokotala amaika m'mafupa a anthu othyoka. Sichichita dzimbiri, sichiluma khungu. Madzi salowa, chapa nayo, samba nayo. Batire suchita kusintha, imadya dzuwa ngati sola. Awa amati mawotchi a kufildi, a asilikali ndi anthu oyenda m'tchire."

"Ndiye ine ndine msilikali?"

"Nanga Thambani ndi tauni?"

Atanditchulira mtengo ndinaseka, ndinaibwezera m'bokosi n'kutseka. Iye anaitulutsanso n'kundimanga nayo kumkono wabwinowo.

"Pita nayo ukaiyese. Ikakukana udzabweze. Ukaitaya ndidzatenga mwanayu, ndilibe wanga."

Madzulo ake amuna anga anaiona tikudya. Anandiuza kuti ndivule aone. Anaiika pachikhatho, anakweza dzanja ndi kulitsitsa monga amachitira aliyense, n'kupukusa mutu.

"Amake mwana, akuberaninso. Kopepuka chonchi? Mwapereka zingati?"

Pamenepo ndinali ndisanapereke kalikonse, ndipo ndikanatha kunena kuti ndangobwereka. Koma ndinaona kuti yankho anali atalikonza kale iwo eni, langa kunali kungovomera. Ndinati ndi yotchipa, ya pamsika. Iwo anati bola isandilume ngati inzake ija, n'kupitiriza kudya.

Sindiwada nazo. Kwathu kuno chinthu chachitsulo timachiyesa ndi dzanja. Khasu, loko, poto, simbi ya makala, ngakhale foni imene, munthu amanyamula kaye, ndipo akati "chikulemera" ndiye kuti chavomerezeka, za mtengo zibwera pambuyo. Ndi mawu omwewo amene timanenera munthu wachuma. Chopepuka ndiye n'chopepuka basi, kaya ndi poto, kaya ndi munthu. Ine ndinakulira momwemo. Nditatchajitsa foni ndinawerenga zonse zimene ndinapeza za chitsulocho, ndipo ndinaona kuti mnzangayo sananame, koma dzanja langa silinakhulupirire. M'mawa uliwonse ndikaimanga, mtima unkati wapusitsidwa, chikhalirecho ndisanalipire n'komwe.

Ndinaiyesa mwankhanza, mofuna kuti ife ine ndipume. Ndinachapa nayo matewera. Kumjigo ndinkaika dala mkono pampopi mnzanga akupopa. Tsiku lina ndinaiponya m'ndowa n'kupita kukathyola masamba kudimba, pobwera ndinaipeza ikuyenda pansi pa madzi ngati palibe chachitika. Ndinkaiyerekeza ndi wailesi ya amayi nthawi ya nkhani, inkagwirizana nayo tsiku ndi tsiku. Khungu la pansi pake silinasinthe. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndavala, n'kudzidzimuka kuti yagwa, kuyang'ana ili pompo.

Kuwerenga kunakhala kophweka. Mwana akagona masana pamkeka, ndinkakweza kadiresi kake, kudikira nsonga yofiira ija ifike pamwamba, n'kuyamba. Manambala ake ndi akuluakulu moti diso limodzi limakwana pa wotchi, linalo pamimba pa mwana. Nsonga ikabwerera pamwamba, ndamaliza. Wotchi ilibe china chonena. Siindiuza za ana a kunja, siindifunsa ngati ndikufuna kuwerenga zambiri.

Ndiye ndinayamba kuyeza mumtima ngati ndiigule kapena ndiibweze, ndipo ndinayeza nthawi yaitali kuposa imene mnzangayo anandipatsa. Ndilemba mbali zonse, kuti musaganize kuti ndinangogwa m'chinthu osaganiza.

Denga la khitchini linkadontha. Feteleza anali asanagulidwe. Ndi ndalama za wotchi imodziyo ndikanatha kumagula za pamsika, ina ikafa ina, mpaka mwana kuyamba sukulu. Anesi anali atanenanso kuti ana ambiri chifuwa chimalimba akamakula, kutanthauza kuti m'zaka zochepa ndikanatsala ndi wotchi ya asilikali yongoonera nthawi yophika. Ndipo panali njira ina yanzeru kuposa zonse: kugula batire latsopano la foni ndi kasola kakang'ono koika padenga. Foni ikanamakhala ndi moto, m'nyumba mukanamawala, amayi akanamatchajanso yawo. Aliyense akanapindula, ndipo palibe chimene ndikanabisa. Njira imeneyi ndinaiona bwinobwino. Ndikanakhala kuti ndikulangiza mayi wina, monga anatiphunzitsira ku koleji, ndikanamuuza kuti achite zimenezo.

Mbali inayo inali ndi zochepa. Wotchi ya pamsika siitsanzika ikamafa. Imafa tsiku limene yafuna, ndipo ine ndinkaona kuti lidzakhala tsiku lomwelo limene mwana wayamba kubanika, kunja kukugwa mvula, kabaza kulibe. Maganizo amenewo ankandibwerera ndikusinja, ndikutunga madzi, ndili m'tchalitchi. Ndikudziwa kuti si maganizo a munthu wodekha. Ine sindine munthu wodekha.

Chinanso, chimene chimandivuta kunena, n'chakuti ndinkangoifuna. Chimalizireni sukulu, zinthu zanga zonse ndi zoti zingokwanira lero: nsapato za pa kaunjika, mapoto opyapyala, foni yotsala kwa achimwene anga. Chilichonse ndimagula ndikudziwiratu kuti chionongeka, ndimangoyembekeza kuti liti. Mnzanga uja amakhala pa mpando wozungulira, amasaina mapepala, pamene mkalasi ndinkamuposa ndine. Sindimuchitira nsanje kwenikweni. Koma nditamanga wotchiyo kumkono ndinamva kuti ndili ndi chinthu chimodzi cha orijino, chimene sichindisiya panjira, ndipo sindinafune kubweza. Kuti mwa zifukwa ziwirizi chachikulu chinali chiti, mwana kapena ine, ndayesa kulekanitsa koma sizilekana.

Amuna anga anabwera kudzakhala kwathu titakwatirana, ndipo amayi anandigawira mitengo ya manachesi ya kuseri kwa nyumba kuti ikhale yanga. Nyengo yozizira ikafika mavenda a ku Blantyre amabwera, amazungulira mtengo, amayang'ana m'mwamba, n'kugula zipatso zonse zili mumtengo momwemo. Chaka chimenecho mitengo inabereka mpaka nthambi kuchita kuchirikiza ndi mphanda. Venda anafika amuna anga ali pamsewu. Tinagwirizana mtengo wabwino, wabwino kuposa zaka zonse. Madzulo ndinawauza kuti vendayo amadandaula kuti manachesi achepa msinkhu ndipo ambiri alowa mphutsi, ndiye wapereka zochepa. Ndinawaonetsa zotsalazo. Iwo anati, "Mbava zimenezo, chaka chamawa ndidzapita nawo ndekha ku Blantyre." Sanafunsenso.

Kuboma ndinapita pa pikapu yawo yomweyo, atandikhazika kutsogolo monga mkazi wa dalaivala, mwana pamiyendo, ndalama zili pamfundo ya chitenje pansi pa mwanayo. Ananditsitsa pamsika, anandigulira nthochi, n'kubwerera kukaitanira anthu. Mnzanga uja analandira ndalama, anandipatsa kabokosi ndi kapepala kake ka m'kati. Ndinati bokosilo asunge iyeyo.

"Bwanji? Ndiye umboni wake umenewu kuti si feki."

"N'chifukwa chake."

Anandiyang'ana, n'kulibwezera m'dirowa. Denga la khitchini chaka chimenecho amuna anga anangolipachika pulasitiki, n'kutsindira ndi miyala.

Ngati inathandiza, ndinena zimene ndikudziwa. Nyengo yozizira yotsatira, tsiku lina m'mawa, nambala inapitirira pamene anesi ananena. Thupi silinkatentha, mwana ankaseweretsa supuni. Ndinadikira pang'ono n'kuwerenganso, chimodzimodzi. Ndinakwera kabaza mpaka kuchipatala cha pa Thambani. Anati chibayo chikuyamba kumene, anatipatsa mankhwala akumwa, tinabwerera kunyumba tsiku lomwelo osagonekedwa. Ulendo umenewo ndimauwerengera wotchi. Koma wotchi ina iliyonse ya kamuvi ikanawerenga chimodzimodzi, ikanakhala kuti tsikulo inali moyo.

Maulendo ena ndinapita pachabe. Mwana anali atangothamanga kumene, kapena atalira, ine n'kuwerenga msanga. Kuchipatalako anafika pondizolowera, ndikangolowa ena amati, "Abwera amayi a wotchi aja." Amayi anga sasangalala nazo. Amati iwo analera ana popanda kuwavundukula pamimba tsiku lonse, ndipo mwana womuyang'anitsitsa choncho amayamba kudziona ngati wodwala. Mwina akunena zoona, chifukwa tsopano akangondiona ndayang'ana kumkono amakweza yekha diresi. Kuti mantha anachepa, sindinganene. Kale ndinkaopa tsiku lonse mosadziwa chimene ndikuopa. Tsopano ndimaopa mphindi imodzi, ndikamaliza ndimapuma, koma mphindi zoterozo zimachuluka patsiku.

Zikanathera pamenepo, bwenzi ndili chete mpaka pano. Koma kunabwera alamu anga.

Amenewa ndi mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, amakhala cha kwa Nthache. Nthawi ija tinagonekedwa kuboma, iwo ndi amene anasiya munda wawo pakati pa kupalira n'kudzakhala nafe. Ankagona pasimenti, ankaphika kumalo a odikirira odwala, ankachapa matewera ine nditangokhala ngati chitsa pambali pa bedi. Ndi munthu wanthabwala. Chikwatiwireni sananditchulepo kuti alamu, amati "mkazi wanga", poti akuti mwamuna amene ndili nayeyu anamulera ndi iwo, ndiye mwini weniweni wa banjali ndi iwo. Amandiyankhula ndi "iwe", ndipo ine ndinkakondwa nazo. Pachilamu pathu timatengerana zinthu. Akabwera kwathu amachoka ndi mpango wanga, ine ndikapita kwawo ndimabwerako ndi lichero kapena kankhuku. Sipakhala kupempha, munthu amangoti "ichi ndatenga", enawo n'kuseka. Zikuluzikulu sititengerana, aliyense amadziwa malire. Koma kanthu kakang'ono sukaniza mlamu wako.

Linali Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi. Tinakhala pakhonde, ine, amayi ndi alamuwo, tikusenda nandolo wamuwisi. Amuna anga anali pampando chapafupi akumata chubu. Alamu anandigwira mkono.

"Mkazi wanga, tavula tione kameneka."

Ndinavula. Anakaika pachikhatho, anakweza dzanja, anatsitsa.

"Muli kanthu m'katimu? Ngati khoko la mtedza. Achimwene, mkazi wangayu mukumuveka zidole?"

"Anagula okha," anatero amuna anga osadzutsa mutu. "Ine ndinawauza kuti awabera."

Alamu anaimanga kumkono kwawo, anautambasula, anapendeketsa mutu. "Koma manambala ake ndi aulemu, ndikuona popanda magalasi. Basi, aka ndatenga. Kumpingo andisankha kuti ndizisunga nthawi pa misonkhano ya amayi. Kuli mayi wina akayamba pemphero amayambira kwa Adamu, pofika kwa ife nyemba zapserera kunyumba. Ndizingomuonetsa mkono."

Amayi anaseka mpaka nandolo kutayika. Amuna anga anasekanso. Ine ndinaona kuti pali zinthu zitatu zokha zimene ndingachite. Kuwasiyira, wotchi n'kupita kwa Nthache kukayeza mapemphero. Kunena mtengo wake weniweni pomwepo, pamaso pa amayi, pamaso pa alamu, amuna anga ali apo ndi pulasitiki yawo padenga la khitchini, n'kuyamba kufotokoza za venda ndi mphutsi zimene kunalibe. Kapena kukana.

"Alamu, imeneyo ayi."

Anayesa nthabwala. "Mwamva, achimwene? Mkazi wanga wayamba mwano. Ndimusiya ukwati."

"Tengani chitenje chatsopano chija. Kapena thadzi lakuda lija, likuikira. Imeneyo ndimawerengera mwana."

Amuna anga anaika chubu pansi. "Amake mwana, apatseni. Loweruka ndikugulirani ina kuboma, ya kamuvi komweko, yabwino, yolemera. Masiku ochepawa muziwerengera foni yanga, ndizikusiyirani."

Panalibe cholakwika pa zimene ananenazo. Kwa munthu wodziwa zimene iwo ankadziwa, nkhani inali itatha bwino, aliyense wapeza chake. Ndinangoti, "Ndaizolowera," ndipo ndinatambasula dzanja. Ndinalisiya chitambasulire.

Alamu anayang'ana dzanjalo, anayang'ana ine, n'kuyamba kumasula lamba. Kachitsulo komangira kanawavuta, anakoka uku, anakoka uku, ndipo palibe amene anawathandiza. Atamasula sanandipatse m'manja. Anaika m'lichero, pamwamba pa nandolo.

"Pepani alamu," anatero. "Sindimadziwa kuti mumaikonda choncho."

Anapitiriza kusenda, anacheza ndi amayi za maliro a kumudzi kwawo, anadya, anamunyamula mwana n'kumuvinitsa. Potsanzika anandigwira chanza ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kuti, "Tsalani bwino, alamu." Chiyambireni tsiku limenelo ndine "inu".

Amayi anadikira kuti alendo apite. Sanakweze mawu. Anangoti, "Munthu anakugonera pasimenti. Iwe wamukaniza kachidole." Kenako analowa m'nyumba mwawo. Nkhani inafalikira monga zimachitikira, ndipo kumjigo ndinamva wina akuuza mnzake kuti anthu a masatifiketi ndi ouma manja.

Amuna anga anaidzutsa nkhaniyo patapita masiku angapo. Tsiku lina m'mawa akupukuta galasi la pikapu, ine ndikuwapatsira madzi, anafunsa osandiyang'ana.

"Wotchiyi anakupatsani ndi munthu?"

Ndinamva chimene ankafunsa. Ndi funso loyenera: mkazi amene amapita kuboma kawirikawiri, n'kukakamira kanthu kopanda mtengo mpaka kuchititsa manyazi mlamu wake, ndiye kuti kanthuko kali ndi mwini. Ndinati, "Ayi, ndinagula ndekha, ndi ndalama zanga." Zinali zoona mawu onse, ndipo ndi pamene ndinayandikira kwambiri kunena zotsalazo. Iwo anati, "Chabwino," anakhuthula madzi otsala pa tayala n'kuliza galimoto. Ngati anakhulupirira sindikudziwa. Masiku ano ndikati ndipita kuboma amafunsa kuti ndikaonana ndi ndani, zimene kale sankafunsa.

Loweruka lomwelo anagula wotchi yachitsulo yonyezimira n'kukapereka kwa mlongo wawo. Alamu anatumiza mawu othokoza kudzera mwa iwo. Kwathu sanabwerenso. Mwana atadwala chifuwa mwezi wathawu sindinawatumire uthenga, ndinachita manyazi. Anamva kwa ena, ndipo anatumiza wakabaza ndi mazira ndi nthochi, n'kumuuza kuti anene kuti ndi za mwana. Mwanayo wayamba kuyankhula, ndipo akaona mayi wonenepa wovala duku akudutsa pamsewu amathamangira kumpanda akuitana azakhali.

Ndikudziwa njira yokonzera. Ndi kuwakhazika pansi amuna anga, kuwauza za venda, za manachesi, za mtengo, kenako kukwera kabaza kupita kwa Nthache kukanena zomwezo. Alamu mwina akhoza kuseka, n'kunditukwana, n'kubwerera pa "iwe". Amuna anga akhoza kupepukidwa mtima kuti palibe mwamuna wina, koma adzadziwa kuti ndinawayang'ana m'maso n'kuwanamiza za mphutsi, ndipo iwo anatukwana munthu wosalakwa pondimvera chisoni. Chikaiko chimene ali nacho pano n'chabodza, tsiku lina chikhoza kuzilala chokha. Chimene ndingawapatse m'malo mwake n'choona, ndipo sichingazilale. Pamenepo ndi pamene ndaima, ndipo ndaimapo nthawi yaitali.

Za kugula, nthawi zina ndimati ndinalakwa, nthawi zina ndimati ayi, zimatengera mmene mwana wagonera. Chimene ndikufuna mundiuze ndi cha pakhonde paja. Munthu amene anandichapira matewera kuchipatala anali ataivala kale wotchiyo, akuseka, ndipo ine ndinatambasula dzanja. Inu mukanakhala pamalo panga, mukudziwa zimene ndinkadziwa ndekha, mukanawasiyira, mukanaulula pomwepo, kapena mukanachita monga ndinachitira ine? Kodi ndinachita bwino?